Wes Montgomery: Kodi anagulitsa luso lake, kapena anangodyetsa banja lake?

Chisale:
Moni nonse akuluakulu. Kwa masabata awiri apitawa ndakhala ndikumvera zimbale ziwiri za Wes Montgomery mosinthanasinthana, ndipo zandisiya ndi funso lomwe ndalephera kuliyankha ndekha. Chimbale choyamba ndi The Incredible Jazz Guitar of Wes Montgomery, chomwe chinajambulidwa mu Januwale 1960, ndipo chachiwiri ndi A Day in the Life cha m'chaka cha 1967. Munthu atapanda kukuuzani, mukhoza kukana kuti woimba gitala m'zimbale ziwirizi ndi mmodzi. M'chimbale choyambacho gitala imayenda mtunda wautali, ikupeka zatsopano pa mzere uliwonse, pamene m'chachiwiricho imangoimba nyimbo zodziwika kale mwaulemu, mavayolini ali pambuyo, ndipo isanafike potenthedwa nyimboyo yatha. Ine ndine wophunzira chabe pa gitala, choncho ndikufunsa inu amene mwakhala nthawi yaitali ndi nyimbo za jazz: chinachitika n'chiyani pa zaka zisanu ndi ziwiri zimenezo? Kodi luso lake linazilala, kapena pali chifukwa china chimene ine sindikuchiona?

Anaphiri:
A Chisale, funso lanu silingayankhidwe bwino tikayambira m'chaka cha 1960, chifukwa pa nthawi imeneyo munthuyu anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 37, ndipo anali atasenza kale katundu yemwe oimba ambiri otchuka sanamusenzepo. Anabadwa pa 6 Marichi 1923 mumzinda wa Indianapolis, m'chigawo cha Indiana ku America. Ali mnyamata mkulu wake Monk anamugulira gitala ya nsambo zinayi, koma gitala ya nsambo zisanu ndi imodzi anayamba kuilimbikira ali ndi zaka pafupifupi 20, atakwatira kale, atamva kuimba kwa Charlie Christian. Christian ndiye anaonetsa dziko kuti gitala ya magetsi ingathe kuima patsogolo pa gulu ngati lipenga. Analowa m'gulu la Benny Goodman m'chaka cha 1939 ndipo anamwalira ndi chifuwa chachikulu m'chaka cha 1942 ali ndi zaka 25 zokha. Wes sankawerenga manotsi olembedwa papepala. Ankaika mbale ya Christian pa galamafoni, kumvetsera kachigawo kamodzi mobwerezabwereza, n'kukasaka pa nsambo kufikira atakapeza, ndipo ntchito yake yoyamba m'malo achisangalalo inali yoimba zomwe Christian anaimba, noti ndi noti.

M'chaka cha 1948 Lionel Hampton anamulemba ntchito m'gulu lake lalikulu, ndipo anayenda nalo kufikira 1950. Mwayi wotere oimba ambiri akanaukakamira, koma iye anabwerera kwawo ku Indianapolis chifukwa cha banja, lomwe linakula mpaka ana asanu ndi awiri. Zaka zotsatirazo ndi zomwe ndimafuna muziganizire mofatsa. Masana ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo m'fakitale, usiku ankaimba ku Turf Bar, ndipo akatseka kumeneko ankapita ku Missile Room komwe ankaimba kufikira mbandakucha, kenaka n'kugona pang'ono n'kubwereranso kufakitale. Moyo umenewu anakhala nawo kwa zaka, dziko lonse lisakumudziwa, kupatula oimba anzake ndi anthu a mumzindawo.

Mu Seputembala 1959 Cannonball Adderley, katswiri wa sakisofoni, anamumva ku Missile Room ndipo atabwerera ku New York anakauza Orrin Keepnews wa kampani yojambula nyimbo ya Riverside kuti amulembe msanga. Mwezi wotsatira Wes anajambula chimbale chake choyamba ku kampaniyo, ali ndi Melvin Rhyne pa ogani ndi Paul Parker pa ng'oma. Tsono munthu amene mukumumva m'chimbale cha 1960 si mnyamata wongotuluka kumene kusukulu ya nyimbo. Ndi bambo wa ana ambiri amene wakhala zaka zochuluka osagona mokwanira. Zimene anasankha pambuyo pake ine ndimaziweruza ndili ndi chithunzi chimenechi m'maso.

Mbewe:
Anaphiri mwafotokoza mbiriyo bwino kwambiri, ndipo palibe chimene ndingachotsepo, koma ndikuona kuti mwayamba kale kumukonzera munthuyu chikhululukiro mlandu usanazengedwe. Ine ndikunena mosabisa kuti zimbale zake zomaliza ndi kutaya kwakukulu, ndipo chisoni changa chimachokera m'chikondi chomwe ndili nacho pa zimene adachita ku Riverside. Tamverani chimbale cha Full House, chomwe chidajambulidwa pamaso pa anthu m'chaka cha 1962 ku Tsubo, mumzinda wa Berkeley ku California, ali ndi Johnny Griffin pa sakisofoni komanso Wynton Kelly, Paul Chambers ndi Jimmy Cobb, atatu omwe pa nthawiyo adali kuimba m'gulu la Miles Davis. Pamenepo mukumva munthu akulimbana ndi anzake a msinkhu wake, aliyense akukoka mnzake kuti afike pomwe sakadafika payekha. Chaka chimodzi zisanachitike izi, John Coltrane mwiniwake, katswiri wamkulu wa sakisofoni, adaimba naye pa chikondwerero cha jazz cha ku Monterey ndipo adafuna kuti akhale m'gulu lake. Munthu woitanidwa ndi Coltrane si munthu wamba.

Kampani ya Riverside itagwa m'chaka cha 1964, Wes adapita ku kampani ya Verve komwe adagwa m'manja mwa Creed Taylor, woyang'anira ntchito yojambula zimbale, ndipo apa ndi pomwe njira idakhotera. Taylor adazindikira kuti kamvekedwe ka gitala ya Wes n'kokoma kotero kuti ngakhale munthu wosadziwa jazz angathe kukakonda, choncho adayamba kumuzunguliza ndi magulu aakulu a malipenga ndi mavayolini, kumupatsa nyimbo zomwe zidali kale pa wailesi, ndi kufupikitsa nthawi yoti apeke zakezake. Don Sebesky, Oliver Nelson ndi Claus Ogerman, omwe adakonza zoimba za magulu amenewo, adali anthu odziwa ntchito yawo, sindikukana. Vuto langa n'lakuti munthu wotha kumanga nyumba yonse adapatsidwa ntchito yopaka utoto pakhomo pokha. Atasamukira ku A&M m'chaka cha 1967, limodzi ndi Taylor yemweyo, zinthu zidangowonjezereka.

Nangondo:
Mundikhululukire akuluakulu, ndisanatayike m'mkanganowu ndikufuna kumvetsa chinthu chimodzi. A Mbewe akuti kamvekedwe ka gitala yake n'komwe kanakopa kampani, ndipo ine ndavomereza chifukwa ngakhale ine ndimamuzindikira pa noti yoyamba. Koma kodi kamvekedwe kameneka kanachokera kuti? Kodi ndi mtundu wa gitala yomwe ankagwiritsa ntchito, kapena ndi m'manja mwake?

Kamwendo:
Mayi, gitala yake yodziwika inali Gibson L-5, yomwe ndi yaikulu komanso ya mphako m'kati, ndipo imathandiza ndithu kuti mawu akhale onenepa. Komabe anthu ambiri agula gitala yomweyo ndipo sanamveke ngati iye, chifukwa chinsinsi chinali pa chala chachikulu cha dzanja lake lamanja. Oimba jazz ambiri amakhudza nsambo ndi kapulasitiki kolimba kamene timakatcha piki, ndipo kameneka kamapangitsa noti iliyonse kuyamba ndi kaphokoso kakuthwa. Wes anakasiya kameneka n'kumakhudza nsambo ndi mnofu wa chala chachikulu, zala zinazo atazitambasula pa thupi la gitala kuti dzanja likhazikike. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: ankaphunzira usiku atachoka kuntchito, ndipo anafunika kuimba motsitsa kuti asasowetse mtendere a m'nyumba ndi oyandikana nawo. Chimene chinayamba ngati njira yopewera madandaulo chinadzasanduka chizindikiro chake.

Chinthu chachiwiri ndi maokitevu. Kwa amene simuimba, okitevu ndi pamene muimba noti imodzi pamalo awiri nthawi imodzi, ina yotsika ina yokwera, monga mmene mwamuna ndi mkazi amaimbira nyimbo imodzi aliyense pa mawu ake. Pa gitala mumagwira nsambo ziwiri zolekanitsidwa ndi nsambo ina pakati, ndipo ya pakatiyo mumaitsekereza ndi chala kuti isalire. Django Reinhardt, woimba gitala wa ku Ulaya, anachitapo zimenezi kale, choncho Wes sanaziyambitse, koma palibe amene anali atathamanga nazo mizere yaitali mwa liwiro lotere ndi ukhondo wotere. Amene anayesapo akudziwa mmene dzanja lamanzere limatopera pakangopita mphindi imodzi, chifukwa dzanja lonse liyenera kusuntha pa noti iliyonse.

Koma chimene ine ndimachilemekeza koposa ndi kamangidwe ka zopeka zake. Kawirikawiri ankayamba ndi noti imodziimodzi, ngati munthu amene akuyala nkhani modekha. Kenaka ankalowa m'maokitevu, mawu n'kunenepa. Ndipo pomaliza ankaimba makodi athunthu (manoti angapo olira pamodzi) akuthamanga motsatizana, gitala imodzi n'kumamveka ngati gulu lonse la malipenga. Womvera amaona kutentha kukukwera ngakhale liwiro la nyimbo silinasinthe. Tsono apa ndi pomwe dandaulo la a Mbewe lili ndi mphamvu, chifukwa kuti masitepe atatuwa akwanire pamafunika nthawi, ndipo nyimbo ya mphindi zitatu yokonzedwera wailesi ilibe malo oterowo. M'zimbale za ku A&M anangotsala ndi sitepe yapakati yokha.

Anaphiri:
A Kamwendo mwandithandiza osadziwa. Taonani kuti ngakhale chala chachikulu chimene tonse timachitamanda chinabwera chifukwa cha udindo wa pakhomo. Bwanji tsono timayamikira banja pamene linamupatsa kamvekedwe kokoma, koma timalidandaula pamene linamukankhira ku nyimbo zogulika? Ndi munthu mmodzi yemweyo amene anasiya gulu la Hampton, amene anakana kuyenda ndi Coltrane, ndiponso amene anavomera kuimba nyimbo za pa wailesi, ndipo ine ndimaona ulusi umodzi ukudutsa m'zisankho zonsezi. Zimbale za ku Riverside zinamupatsa ulemu waukulu pakati pa oimba ndi olemba za nyimbo, koma ulemu sunamuchotse m'mavuto a ndalama, moti ngakhale atatchuka kale anabwereranso ku Indianapolis kukaimba ndi kagulu kake ka anthu atatu. Chimbale cha Goin' Out of My Head ndi chimene chinasintha zinthu, ndipo chinamupezetsa mphoto ya Grammy m'chaka cha 1967. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Bambo wa ana asanu ndi awiri amene wagwira ntchito zitatu pa tsiku kwa zaka zambiri sangakane fodya wa pamphuno chifukwa choopa zimene anthu osamudziwa adzalembe m'magazini.

Ndiwonjezerenso kuti nthawi imeneyo inali yovuta kwa oimba jazz onse. Kuyambira m'chaka cha 1964 achinyamata a ku America anatengeka ndi nyimbo za rock, malo ambiri oimbira jazz anayamba kuchepa, ndipo akatswiri ena monga Johnny Griffin yemwe a Mbewe amutchula uja anali atasamukira kale ku Ulaya. Wes ankaopa kukwera ndege ndipo sankafuna kukhala kutali ndi kwawo, choncho njira imeneyo kwa iye inali yotsekeka.

Mbewe:
Sindikutsutsa kuti munthu ayenera kudyetsa ana ake, Anaphiri, ndipo chala changa sichikuloza Wes kwenikweni koma omwe adali ndi mphamvu pa zimene zijambulidwe ndi zimene zisajambulidwe. Ndikupatseni chitsanzo chimene chimandiwawa kufikira lero. M'chaka cha 1965 Verve idajambula Wes akuimba ndi gulu la Wynton Kelly ku Half Note, malo oimbirako jazz a ku New York. Atamwalira, kampaniyo idatenga zina mwa zojambulidwazo, n'kuthiramo malipenga ndi zitoliro pamwamba pake m'situdiyo, n'kuzitulutsa m'chaka cha 1969 pa dzina lakuti Willow Weep for Me. Ganizirani zimenezo: anthu anayi adaimba usiku wina momasuka, akumverana mpweya, ndipo patapita zaka wina adaona kuti kuimba kwawoko n'kosakwanira kufikira atakuveka zovala zina. Chimbale chimenecho chidapatanso Grammy, zomwe kwa ine zimangoonetsa kuti mphoto si muyeso wa chilichonse pa nkhani imene tikukambayi. Mwamwayi zojambulidwazo zidadzatulutsidwanso pambuyo pake zopanda zowonjezerazo, ndipo aliyense angathe kufananitsa yekha.

Chachiwiri, tisaiwale kuti adamwalira pa 15 Juni 1968 kwawo ku Indianapolis ndi matenda a mtima, ali ndi zaka 45. Zaka zimene dziko lidamudziwa n'zosakwana khumi, ndipo pafupifupi theka la zakazo lidapita ku zimbale zomwe sizidamulole kutambasula mapiko. Ndicho chifukwa chake ndimati n'kutaya. Akadakhala ndi moyo zaka zina makumi awiri, mwina sindikadadandaula chonchi.

Kamwendo:
Ndikufuna kubwerera ku funso lenileni la a Chisale, loti kodi luso linazilala, chifukwa limeneli lili ndi yankho lomveka: ayi, silinazilale. Umboni uli m'chaka chomwecho cha 1965 chimene a Mbewe achitchula. M'chaka chimenecho anajambula Bumpin' ndi mavayolini, koma ndi m'chaka chomwechonso m'mene munatuluka Smokin' at the Half Note, chimbale chimene oimba gitala ambiri, kuphatikizapo Pat Metheny, amachitchula kuti chinawaphunzitsa kuimba. Pongodutsa, dzina la chimbalechi limanamiza pang'ono, chifukwa nyimbo ziwiri zokha ndi zomwe zinajambulidwa ku Half Note, ndipo zitatu zotsalazo anakazijambulira m'situdiyo ya Rudy Van Gelder ku New Jersey. Komabe mukamvera nyimbo yoyamba, yomwe imatenga pafupifupi mphindi 13, mumamva masitepe atatu aja onse ali m'malo mwake, ndipo penapake Kelly amasiya kaye piyano n'kumusiyira Wes bwalo lonse.

M'chaka chomwecho anagonjetsa mantha ake a ndege n'kupita ku Ulaya, ulendo wake wokhawo wokaimba kumeneko. Anaimba ku Paris mu Marichi ali ndi Harold Mabern pa piyano, anaimbanso ku London, ndipo makanema a wailesi ya kanema a m'maiko angapo a ku Ulaya alipo kufikira lero. Ndikulimbikitsa a Chisale kuti muwaonere, chifukwa kamera imaonetsa dzanja lamanja pafupi, ndipo mudzaona kuti chala chija chimakhudza nsambo potsika ndi pokwera pomwe, chinthu chomwe ambiri amaganiza kuti n'chosatheka. Mudzaonanso nkhope yake, akumwetulira ngati palibe chovuta chilichonse chimene akuchita. M'chaka cha 1966 anajambulanso ndi Jimmy Smith, katswiri wa ogani, ndipo pamenepo motowo unali ukadalipo. Choncho panali Wes wa m'situdiyo ya Creed Taylor ndi Wes wa usiku pamaso pa anthu, ndipo awiriwa ankakhala m'thupi limodzi nthawi imodzi.

Nangondo:
Ine ndiulule kuti ndinalowera pakhomo lomwe a Mbewe akulinyoza. Chimbale choyamba cha Wes chimene ndinamva chinali cha mavayolini chomwecho, ndipo ndikanayambira pa Full House mwina ndikanathawa, chifukwa makutu anga anali asanazolowere kutsatira munthu akupeka kwa mphindi zambiri. Kukoma kwa maokitevu aja n'kumene kunandichititsa kufunafuna zina, kufikira ndinafika ku zimbale za ku Riverside, ndipo lero ndimavomereza kuti zimenezo ndi zakuya koposa. Ndikukhulupirira kuti sindili ndekha amene ndinayenda njira imeneyi. Ndiponso ndikamvetsera bwino nyimbo zofupika zija, ndimaona kuti kuimba nyimbo yodziwika m'njira yoti munthu aimve ngati yatsopano ndi luso palokha. Amadziwa pochedwetsa noti, amadziwa poisiya ilire, ndipo palibe noti imene imagwa pachabe. Woimba gitala George Benson, amene sabisa kuti anaphunzira zambiri kwa Wes, anatsatira njira yomweyi ndipo anajambula ndi Creed Taylor yemweyo asanatulutse Breezin' m'chaka cha 1976. Kodi a Mbewe, nayenso mumamuika m'gulu la otayika?

Mbewe:
Mayi, funso lanu landigwira pakhosi. Benson adasankha njira yake maso ali otseguka ndipo adakhala ndi zaka zambiri zoyenderamo uku ndi uku, choncho sindimulirira monga ndimalirira Wes. Chimene chimandivuta ndi mbewu imene idamera pambuyo pawo, ya oimba ochuluka amene adatenga maokitevu okha n'kusiya china chilichonse, n'kupanga nyimbo zosalala zoyenera kumvekera chapansipansi anthu akudya. Iwo adatengera chovala, munthu wake n'kumusiya. Koma ndikuvomereza mfundo yanu yoti khomo ndi khomo, ndipo ngati lidakufikitsani ku Full House sindingalitseke. Ndikuvomerezanso kwa Anaphiri kuti n'kosavuta kwa ine kufuna kuti munthu wina asauke chifukwa cha luso, ine ndili pampando wanga. Pa zimbale za ku A&M zokha ndiye sindisuntha: ndidazimvera mokwanira ndipo sindidzazibwereranso.

Chisale:
Zikomo kwambiri nonse, mwandipatsa zambiri kuposa zimene ndinapempha. Usiku wathawu ndinaika piki pambali n'kuyesa kuimba ndi chala chachikulu, ndipo ndinadabwa kuona mmene mawu anafewera, ngakhale liwiro langa linatsika ndi theka ndipo chalacho chayamba kale kupweteka. Popeza iye anaphunzira pomvetsera Charlie Christian noti ndi noti, ndaganiza zomuphunzira iyenso m'njira yomweyo, popanda pepala. Kodi ndiyambire pa nyimbo iti yomwe wophunzira ngati ine angaikwanitse?

Kamwendo:
Yambirani pa D-Natural Blues, m'chimbale cha 1960 chomwe muli nacho kale. Imayenda pang'onopang'ono, ili pa mabala 12 a blues omwe mukuwadziwa, ndipo Tommy Flanagan pa piyano ndi abale awiri a Heath, Percy pa besi ndi Albert pa ng'oma, amamusiyira malo okwanira kuti noti iliyonse muimve bwino. Tengani mizere iwiri yokha pa tsiku, muiimbe kaye ndi pakamwa musanagwire gitala, ndipo maokitevu muwayambe pa nsambo yachisanu ndi yachitatu, komwe dzanja silitambasuka kwambiri. West Coast Blues muisunge kaye, chifukwa kawerengedwe kake ka zitatuzitatu kamasokoneza poyamba, ndipo Four on Six musaikhudze kufikira chala chimenecho chitalimba khungu.

Mbewe:
Ndikugwirizana ndi a Kamwendo pa nyimbo yoyambira. Ndingowonjezera kuti mukafika potha kuiimba, mupeze Echoes of Indiana Avenue, chomwe kampani ya Resonance idatulutsa m'chaka cha 2012 kuchokera ku matepi a m'zaka za 1957 ndi 1958. Mmenemo mudzamva Wes wa nthawi ya kufakitale, Adderley asanalowe pakhomo la Missile Room, akuimbira anthu ochepa a mumzinda wa kwawo.